ATelala Amene Anadula Chingerezi M'masaizi

Pa anthu onse amene anayendapo pansi pano atakoleka tepi m'khosi, palibe wofanana ndi aTelala a pakhonde la golosale yakale, moyang'anizana ndi chigayo. Umboni wake ulipo wokwanira: amanena okha eniake, kawiri pa tsiku, m'mawa ndi masana, kuopa kuti wina angaiwale.

Dzina lenileni ali nalo ndithu, koma linapuma pantchito kalekale. Ngakhale akazi awo akafuna kuwaitana amangoti "aTelala inu," ndipo akawonjezera "inu" wachiwiri ndiye kuti kunyumba kwaipa. Sukulu analekezera sitandade fili. Iwo amati sanaisiye, inachita kuwasiya ndi sukuluyo, iwo ali chikhalire pomwepo. Amalume awo ndi amene anawakhazika pa makina miyendo isanayambe kufika pa chopondera, moti ankachita kuwamangirira kathabwa kuphazi. Kuchokera tsiku limenelo papita zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo phazi lawo lamanja limapalasa lokha ngakhale ali pamaliro.

Pakhondepo mupezapo makina akuda opalasa ndi phazi, tebulo lodulirapo nsalu, chitini cha mafuta odzola chodzaza mabatani, simbi ya makala, ndi galasi long'aluka pakati loti ukadziyang'ana mutu umakhala kwina thupi kwina. Palinso benchi ya anthu odikira zovala, koma ambiri okhalapo sadikira kanthu, amangokhala. Tepi ya m'khosi ija ndi ulemu chabe. ATelala amayeza ndi maso. Amakuyang'ana kamodzi n'kudziwa chiuno chako cha lero ndi chimene udzakhale nacho mukakolola. Mayi wina anadziwira pa diresi kuti ndi woyembekezera: anapeza amuikira malo owonjezera kutsogolo, iye asanadzikayikire n'komwe.

Chiphunzitso chawo ndi chimodzi basi. "Nsalu ndi yaitali, munthu ndi wamfupi. Dula pomukwana."

Chaka chatha kunabwera galimoto yoyera ya bungwe lina lophunzitsa Chingerezi kudzera pafoni kwa anthu akumudzi. Ankafuna munthu wamkulu, woti sukulu sanapite nayo patali, komanso wopezeka malo amodzi. Anthu onse anatembenuka kuyang'ana pakhonde paja. ATelala anapatsidwa kafoni ka mabatani ndi kasola kotchajira, n'kusayina pepala. Lamulo la papepalalo anawawerengera kawiri, pang'onopang'ono: foni ndi ya wophunzira mmodzi, mwini dzina. Mukabwereketsa wina, tidzalanda foni ndi sola yomwe. ATelala anagwedeza mutu, anatenga chingwe cha nsalu, anamangirira foni ija ku mwendo wa makina, sola n'kuiponya padenga.

Foniyo inkalira teni koloko ya m'mawa, dzuwa litakwera. Mukayankha, mayi wina wa mawu osalala ankayamba ndi chinenero chathu kunena kuti phunziro lalero ndi la zakuti, kenako n'kuyamba kutchula za Chingerezi, kusiya mpata woti mubwereze. Pomaliza pankakhala mafunso, mumayankha pakamwa kapena kudina batani, ndipo malikisi ankapita okha ku ofesi. Phunziro mumatha kulibwereza mpaka khutu litentha. Anthu apabenchi anawapatsa dzina mayi aja: Adona a m'Foni.

Maphunziro asanu oyamba aTelala anagwa ngati khoma la dothi m'dzinja. Sikuti ndi mbuli ayi. Inali nyengo ya mayunifolomu, m'kamwa mwawo munali mapini tsiku lonse, ndiye Adona akasiya mpata woti abwereze, iwo ankangoti "mmm," phazi likupalasa.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi Adona analengeza kuti lero tiphunzira kulozera mlendo njira: kumanja, kumanzere, pafupi, patali. Pabenchi panali Buleki, wakabaza, amene anapatsidwa dzinalo chifukwa njinga yake ilibe chinthu chimenecho. Anali atadzikulunga kansalu m'chiuno kudikira kuti buluku lake aliike chigamba. ATelala anayang'ana foni, anayang'ana Buleki, anayang'ananso foni, maso atawatsinzina ngati mmene amachitira akaona mapewa a munthu. Analavula mapini.

"Iwe, tabwera kuno. Ili ndi saizi yako."

"Chani, buluku?"

"Phunziro. Ine ndilozera ndani njira, ndimapita kuti? Gwira. Usakoke chingwe."

Buleki anagwada pafupi ndi mwendo wa makina, dzanja lina litagwira kansalu kuti kasagwe, n'kubwereza phunziro lija mpaka madzulo. Mafunso anakhoza onse. Mpamene zinayambira.

Kuchokera apo aTelala ankangomvera chiyambi chokha, pamene Adona amanena mutu wa phunziro, n'kudziwiratu mwini wake. La moni ndi la kugulitsa malonda linapita kwa mayi a tomato. La kuchipatala, kunena pamene pakupweteka ndi kuwerenga zolembedwa pa botolo la mankhwala, linapita kwa make mapasa. La kufunsira ntchito anapatsa alamu awo, achimwene a akazi awo, amene akhala akufuna ntchito yaulonda kuyambira mtengo wa mango wa kuseri kwa golosale uli mbande. Manambala ndi masikelo, abutchala. Maphunziro asanu amene iwo anagwa aja anawabweza n'kuwagawanso. Munthu akafuna phunziro la mnzake ankamukaniza.

"Likukulira iwe. Uyenda nalo likukhwekhwereza pansi."

Ndipo zinthu zinayamba kuoneka. Mayi a tomato atapatsidwa phunziro la kumunda anawerenga botolo la mankhwala opopera n'kupeza kuti kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankathira katatu kuposa muyezo. Tizilombo ta m'dimba mwawo tinkafa, kudzuka, n'kufanso. Buleki ananyamula mlendo wina wodzaona mijigo, anamulozera kumanja ndi kumanzere ulendo wonse, mlendo n'kumutenga tsiku lotsatira, ndi linalo. Alamu ankayeserera pa mbuzi, kuziuza dzina lawo, zaka zawo ndi chifukwa chimene akuifunira ntchitoyi. Mbuzi sizinawalembe, koma zinkamvetsera mwaulemu.

Vuto lake linali loti panalibe munthu mmodzi wokhala ndi Chingerezi chonse. Buleki akanatha kumufikitsa mlendo kulikonse padziko koma osamupatsa moni. Make mapasa ankadziwa matenda okhaokha. Chingerezi cha pamalopo chinali chokwanira ndithu, kungoti kuti chilankhule pankafunika benchi yonse.

Ku ofesi ya bungwe, makina awo sankaona benchi. Ankaona dzina limodzi, la bambo wa sitandade fili, wophunzira maola asanu ndi anayi tsiku lililonse osapuma, wokhoza maphunziro makumi anayi osaphonyanso funso. Lolemba lina kunabwera uthenga: Lachisanu tikubwera ndi setifiketi kudzaona wophunzira wathu woposa onse, ndipo tidzacheza naye m'Chingerezi.

Pabenchi aliyense anayang'ana chingwe chija.

"Foni yapita," anatero make mapasa. "Ine ndinali nditangoyamba za katemera."

"Sipita," anatero alamu. "Alamu, inu mumange nsagwada ndi mpango. Tidzati dzino. Munthu wa dzino salankhula chinenero chilichonse."

"Kapena ndikusenzeni m'mamawa ndikakusiyeni kutsidya," anatero Buleki. "Tidzati mwapita kukaona odwala."

"Pa njinga yako? Odwalawo ndidzakhala ine."

Anagwirizana zoti aliyense abweze chake, awathire aTelala m'mutu asanafike Lachisanu. Lachiwiri lonse ndi Lachitatu lonse anthu ankasinthana pa khutu lawo ngati pamjigo. Mayi a tomato kumanja, abutchala kumanzere, alamu kumbuyo. Pofika Lachinayi aTelala anayesa kupereka moni ndipo mayi a tomato anakhala pansi n'kugwira mutu. Akuti anayamba bwino, kenako anauza mlendo kuti akhotere kumanzere, amwe awiri m'mawa awiri madzulo, ndipo kilo ndi theka.

Akazi awo, amene amasita zovala kuseri kwa tebulo, anaika simbi pansi.

"ATelala inu, inu. Munadula nokha nsalu, lero mukufuna muilumikize ikhale yatsopano?"

"Mayi, ine sindinadulepo molakwika chiyambire."

"Nanga jekete ya aphunzitsi ija ya dzanja limodzi lalitali?"

"Aphunzitsiwo ndi amene ali ndi dzanja lalifupi." Anaimirira n'kukonza tepi m'khosi. "Basi, zathera pano. Palibe womanga nsagwada, palibe wothawa. Mawa nonse mubwere mutasamba. Mukhale pabenchi motsatana ndi manambala a maphunziro anu."

"Ndiye kuulula kumeneko, alamu!"

"Kuulula amaulula wakuba. Ine ndikuonetsa ntchito."

Atatero anatenga msomali ndi mwala n'kuukhoma pakhoma, pamwamba pa galasi, malo a setifiketi.

Lachisanu galimoto yoyera inafika dzuwa lisanatenthe. Munatsika mayi wachitsikana wa ku bungwe, fayilo kukhwapa, setifiketi ya m'felemu m'manja, nsapato zazitali zikumira mumchenga. Anapeza anthu khumi ndi mmodzi atandandalika pabenchi ndi pamabokosi, atadzola mafuta mpaka kuwala ngati akupita kojambulitsa. Anamwetulira, anapita kwa bambo wa tepi m'khosi, n'kuyamba Chingerezi chachitali, chokoma, chokwera ndi kutsika.

ATelala anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu ngati akuvomereza mfundo iliyonse.

"Takulandirani, mayi. Mayi a tomato, ayankheni alendo."

Mayi a tomato anaimirira, anapereka moni wa Chingerezi wosalala, anafunsa za ulendo, ndipo pokhala kuti pakamwa panazolowera, anawonjezera kuti tomato alipo, akupsa bwino lero.

"Zikomo amayi," anatero a ku bungwe, m'chinenero chathu tsopano. "Koma ndimafuna ayankhe bambowa."

"Ine ndimadula, mayi. Ovala ndi awa."

"Sindikumva."

"Khalani pansi ndikufotokozereni, nsapatozo zikukupwetekani."

Anafotokoza zonse, osabisa kanthu, monyadira ngati akuonetsa suti ya ukwati. Kumwetulira kwa mayi uja kunayamba kuchepa mpaka kunatheratu. Anatsegula fayilo n'kutulutsa pepala lija.

"Bambo, munasayina apa. Foni ndi ya munthu mmodzi."

"Sinachokepo pano. Onani chingwe."

"Kubwereketsa ndi kubwereketsa, ngakhale pa chingwe. Ine ndauza mabwana anga kuti tili ndi munthu wodabwitsa. Chithunzi chanu akuchidikira. Tsopano ndikawauze chani?"

Anawerama n'kuyamba kumasula mfundo. Koma mfundo ya telala simasuka ndi zala za mu ofesi. Anakoka, anatsina, chikhadabo chimodzi chinathyoka.

"Ndipatseni lumo."

Make mapasa anayamba kupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. ATelala anatenga lumo lawo lalikulu, koma sanalipereke.

"Ndidula ndekha, mayi, ndi ntchito yanga. Koma buku la maphunziro muli nalo m'fayilomo. Tsegulani paliponse, mufunse. Benchi iyi ikalephera funso limodzi lokha, ndidula chingwe, sola ndikwera padenga ndekha kukakutsitsirani."

Mayi uja anayang'ana chikhadabo chake, anayang'ana bambo wodzidalira uja, ndipo zinaoneka kuti akufuna amuchititse manyazi asananyamuke. Anatsegula buku.

"Phunziro sikisi."

"Buleki."

Anamufunsa njira yopita kuchipatala. Buleki anamukhotetsa kumanja, anamuwolotsa mlatho, anamukhotetsa kumanzere, n'kumufikitsa pageti.

"Naintini."

"Make mapasa. Pukutani m'maso kaye."

Make mapasa anafotokoza mwana wotentha thupi masiku atatu, wosanza, wosadya, momveka bwino moti dalaivala wa galimoto anasuzumira kufuna kuona mwanayo. Alamu itafika nthawi yawo anaimirira njo, manja m'mbali, n'kufunsira ntchito mwamphamvu moti mayi uja anachita kuwakumbutsa kuti iye salemba alonda. ATelala sankayang'ana n'komwe buku. Nambala ikangotchulidwa, dzina linkatuluka.

Apo mayi uja anavundukula masamba ambiri, akufunafuna, mpaka anapeza chimene amafuna.

"Sate-thu. Pabwalo la ndege."

Anakweza mutu kuyang'ana benchi: wa tomato, wa nyama, wa njinga yopanda buleki. Panalibe ndi mmodzi yemwe woti anaionapo ndege ili pansi. Anayankhula chiganizo chake cha Chingerezi n'kutambasula dzanja kudikira lumo.

Yankho linachokera kuseri kwa tebulo. Akazi a aTelala, simbi ili m'manja, osasiya kusita kolala ya shati, anadandaula m'Chingerezi kuti sutikesi yawo yasowa, ndi yofiira, ili ndi matayala, ndipo akufuna kuonana ndi wamkulu wa pamalopo pompano.

Mayi wa ku bungwe anatsegula pakamwa.

"Zotsala zonse zimapita kwa mayi," anatero aTelala. "Nsalu zotsala amasokera zopondapo. Maphunziro osakwana munthu aliyense amatenganso iwo."

"Za ndege, za hotela, za chisanu chogwa ngati ufa," anatero akazi awo. "Mukafuna ndikudandaulireni kuti m'chipinda mwanga mulibe madzi otentha, nenani. Ndimalikonda limenelo."

Mayi uja anayesa kudzigwira, anaphimba kukamwa ndi fayilo, koma kuseka kunatulukira m'mphuno. Anakhala pa bokosi n'kuvula nsapato imodzi.

ATelala anaona kuti nsalu yafewa, ndi nthawi yolowetsa singano.

"Mayi, mafoniwa munagawa angati?"

"Mazana awiri."

"Amene akulirabe munthu n'kuyankha?"

Anazengereza. "Osakwana makumi asanu. Ena anasiyira phunziro teni. Amati n'zambiri, sizikuwakhudza."

"Ehe. Munawapatsa mpukutu wonse kuti avale. Munthu wa kumunda mukumuuza za sutikesi, asiya bwanji? Pano foni imodzi yaveka anthu khumi ndi mmodzi, palibe wasiya. Ngati kumeneko ndi kulakwa, nali lumo."

Analiika patebulo, chogwirira chitaloza kwa mlendo. Benchi yonse inasiya kupuma. Kuchigayo nako injini inangozima yokha, kapena anachita kuzimitsa kuti amve nawo.

Mayi uja anayang'ana lumo. Kenako anatembenuza pepala lija, kuseri kopanda mizere, n'kutulutsa cholembera.

"Lipoti ndimalemba ndine. Mayina anu nonse, mmodzimmodzi, ndi maphunziro amene aliyense ali nawo. Foni ikhala. Koma kuyambira lero aliyense azitchula dzina lake asanayankhe mafunso, tizidziwa amene tikumuphunzitsa."

Buleki anaimba belu la njinga mpaka linagwa. Make mapasa analira tsopano zenizeni. Alamu anathokoza m'Chingerezi chokhacho chimene anali nacho, kulonjeza kuti adzafika pantchito nthawi yabwino.

Atatha kulemba, mayi uja anavala nsapato, anatola fayilo, anatolanso felemu.

"Pepani mayi," anatero aTelala, akuloza msomali. "Mwaiwala kusiya katundu."

"Apa palembedwa kuti mwini dzinali amalankhula Chingerezi. Nenani chiganizo chimodzi, bambo. Chimodzi chokha, ndikupachikirani ndekha."

ATelala anakonza tepi. Anatsokomola. Anatsegula pakamwa, ndipo anthu khumi ndi mmodzi anaweramira kutsogolo, milomo ikugwedera kufuna kuwathandiza. Munatuluka mpweya wabwino ndithu, waukhondo, koma wopanda mawu.

"Pa dzina lanu ndalemba ziro," anatero mayi uja mwaulemu wonse. "Ndinu wotsiriza pa ophunzira athu onse."

"Pa onse mazana awiri?"

"Pa onse."

"Aha. Ndiye kuti palibe wofanana nane."

Galimoto itangokhota pa chigayo, foni inalira. ATelala anadina batani lokweza mawu monga mwa masiku onse, ndipo Adona analengeza kuti phunziro lalero, la fote-wanu, ndi la kupepesa: mmene munthu amavomerera kuti walakwa n'kupempha kuti amukhululukire.

Mitu khumi ndi umodzi inatembenukira mbali imodzi.

"Ili landithina m'mapewa," anatero aTelala mofulumira. "Alamu, tabwerani. Inu muli ndi zambiri zoti mupepese pa dziko lino."

Alamu anali atayamba kale kudzuka pamene simbi inagunda patebulo. Akazi a aTelala anazungulira, anatola foni mpaka pamene chingwe chinalekezera, n'kuikanikiza pa khutu la amuna awo.

"Khalani pansi, achimwene. Ili ndayeza ine. Tchulani dzina lanu kaye, aTelala, monga ananenera mayi aja."

ATelala anayang'ana benchi kufuna wowapulumutsa. Panalibe. Anatchula dzina lawo lenileni, ndipo Buleki anafunsa mayi a tomato kuti ameneyo ndi ndani. Adona ananena mawu oyamba opepesa n'kusiya mpata. ATelala anakoka mpweya, anatukula chifuwa, n'kupepesa m'Chingerezi ndi mawu aukali ngati akuthamangitsa mbuzi pakhonde, moti mwana wina amene amadutsa ndi thumba la chimanga pamutu anaima n'kupepesa iyeyo.

"Bwerezani," anatero akazi awo. "Motsitsa. Ndipo muziyang'ana kuno."